Using'anga Wanga wa Tsiku Limodzi ku Madzimoyo

Nkhani iyi ndikufuna muimve kuchokera pakamwa panga, chifukwa mukakaimvera kwa azimayi a pamsika wa Kapata mukaipeza itamera kale nyanga ndi mchira. Ena akuti ndinauluka, ena akuti ndinafa n'kudzukanso. Bodza lokhalokha. Zimene zinachitikadi n'zochititsa manyazi kuposa pamenepo.

Ine ndine Esinati, amake Dalitso, uja wa kaloji ka zipinda zinayi kumtunda kwa Kapata. Mayi wopemphera, wosajomba ku msonkhano wa amayi Lachinayi, munthu wamantha woti ndikaona kansanza kofiira pamphambano ndimabwerera n'kukadzera njira ina.

Chaka chatha mwambo wa Ncwala utatha, alendo onse a ku Mtenguleni atabalalika, pa loji panga panatsala azungu awiri ochokera ku Holande, mwamuna ndi mkazi wake. A Pita anali wamtali ngati mlongoti, ndevu mpaka pachifuwa, mikanda m'khosi, kuyenda chosavala nsapato pamene nsapato ali nazo m'chikwama. Akazi awo a Anika anali munthu wachete, ankangokhala pakhonde ndi buku lawo n'kumamwetulira. Ine ndinkangoti mwina Chingerezi chimawavuta.

Lolemba m'mawa ndikuwathirira tiyi, a Pita anandifunsa m'Chingerezi ngati ndikudziwa munthu wamkulu aliyense wochititsa mwambo wa mankhwala a mitengo. Akuti iwo amayendayenda m'mayiko kufunafuna mtendere wa mzimu, ndipo chaka china anapita ku Peru, m'nkhalango, komwe anakhala sabata yathunthu akumwa madzi owiritsa a mizu ndi masamba, kenako kusanza m'ndowa, kulira, kuona masomphenya.

"Pepani, munkadwala chiyani?" ndinafunsa.

"Sindinkadwala," iwo anatero.

"Ndiye anakupatsani zingati kuti mumwe zimenezo?"

Anaseka. Akuti ndi iwo amene analipira, madola zikwi ziwiri, ya ndege payokha, ndipo kumeneko n'kotchipa, kwina amadula kuposa apo. Ndinatulutsa foni n'kuwerengera m'makwacha. Anzanga, foni inatsala pang'ono kugwera m'ketulo! Malata atsopano a loji yonse, thanki ya madzi, fizi ya Dalitso ku koleji, zonsezo munthu kukazisiya m'nkhalango kuti asanze? Ine ndili ndi pakati pa Dalitso ndinasanza miyezi itatu kwaulere, osadziwa kuti ndikuchita zinthu zapamwamba.

Poyamba maganizo anga anali oyera, Mulungu ndi mboni. Ndinati ndiwatengere kwa amalume anga a Jere ku Madzimoyo, mkulu wodziwa mitengo. Si wa nsupa kapena woombeza ayi, amangothandiza anthu am'mimba ndi achifuwa, komanso ziweto zikadwala. Ndinati iwo apatsidwa zawo, ine ndipeza ya sopo, basi. Choipa chili pati pamenepo?

Lachiwiri ndinakwera basi kukawaona. Ndinawapeza akusoka thumba pansi pa mango, ndinagwada, ndinafotokoza zonse bwinobwino. Iwo anandifunsa akusokabe.

"Azunguwo akumva kupweteka pati?"

"Sakumva kupweteka, amalume. Akufuna aone masomphenya."

"Akagone, alota."

"Amalume, ndalama zake n'zambiri."

Anaika singano pansi n'kundiyang'ana. "Esinati, mtengo si masewera. Ine munthu amandipatsa nkhuku akachira, osati asanadwale. Wopanda matenda ndimuchiza chiyani? Usandibweretsere milandu pakhomo pano."

Atatero ananyamuka kupita kukhola, akuti ng'ombe yawo ina yapangolo inali isakudya bwino. Munthu wanzeru akanatsanzika n'kubwerera kutauni. Ine ndinatsala nditakhala, maso ali pa kanyumba kawo kosungiramo mankhwala, chitseko chili chotsekula pang'ono, ndipo m'mutu mwanga malata atsopano ankangonyezimira.

Ndinalowa. M'katimo munali mdima ngakhale kunja kunali dzuwa, mitolo ya mizu ili lendelende kudenga, fungo la utsi wakale. Buluzi anagwa kuchokera kudenga n'kundigwera paphewa, ndinatsala pang'ono kukuwa. Pakona panali matumba atatu a feteleza odzaza makungwa ouma. Ndinakumbukira kuti tili ana, m'mimba mukatipweteka, amalume ankatapa makungwa m'thumba pakona pomwepo n'kutiwiritsira. Koma thumba lake liti? Zaka makumi atatu zapitazo, anzanga! Ndinatapa lapakati, manja awiri odzaza, ndinamanga pachitenje n'kutuluka ngati mphaka waba nsomba.

Nditafika ku loji ndinauza a Pita kuti mkulu uja saonana ndi alendo wamba, koma mphatso yake anaisiya m'manja mwa ine mdzukulu wake. Bodza linatuluka losalala moti ndinadziopa ndekha.

"Ndi zingati?" anafunsa.

Ndinati, "Madola mazana awiri."

Nkhope yawo inagwa. Ndinati ndadula, ndichotsereko. Koma iwo anati, "N'zotchipa kwambiri. Kodi ndi mwambo weniweni?"

"Imeneyo ndi yolowera chabe," ndinatero msanga. "Mankhwala ndi mazana atatu. Munthu mmodzi."

Apo ndiye anasangalala, anandigwira chanza ndi manja awiri. Masana omwewo anapita kubanki n'kubwera ndi envulopu yonenepa. Ine chimwemwe chitandikwera ndinaimbira mng'ono wanga foni nditaima pakhonde pomwepo, pafupi ndi a Anika, n'kunena m'Chinyanja mokweza kuti, "Iwe, nkhunda ziwiri zagwera zokha mumphika, zonona!" A Anika anangotembenuza tsamba la buku lawo.

A Pita ankafuna mwambo uchitike usiku ngati ku Peru. Ine, usiku, kuthengo? Ndinawauza kuti mizimu ya kwathu ndi ya alimi, imagwira ntchito m'mawa dzuwa lisanatenthe. Tinapangana Lachinayi, ndipo kwa amayi anzanga a kutchalitchi ndinatumiza uthenga woti ndagwidwa ndi malungo.

Malo ndinasankha kumunda kwa malemu bambo anga, ku Madzimoyo komweko koma kutsidya kwa mtsinje, kutali ndi kwa amalume. Kuli mkuyu waukulu ndi chulu pambali pake, chimanga cha anthu chazungulira mbali zonse, ndipo nthawi imeneyo chinali chitatalika kuposa munthu. Wa takisi anatisiya pamsewu chifukwa cha matope n'kulonjeza kudzatitenga folo koloko. Galimoto itazimiririka, ndinakweza maso. Kumwamba cha ku Mozambique mitambo inali itayamba kuda.

Ndinasonkha moto, ndinateleka mphika, ndinathiramo makungwa onse aja. Ndinaonjezera masamba a nimu kuti ziwawe ngati mankhwala enieni, ndi chidede kuti zifiire. Fungo limene linatuluka mmenemo ngakhale ntchentche zinasamuka. Kenako ndinapita kuseri kwa chulu kukavala. Nsalu yoyera yoyala pabedi ya m'chipinda chachitatu, ufa woyera kumaso, m'manja kachingwe ka khonje kophwasula m'malo mwa mchira wa nyama. Nditadziyang'ana pagalasi la foni ndinadzidzimuka, ndinkaoneka ngati munthu amene wathawa m'bokosi anthu ali mkati moimba.

Vuto linabwera pa nyimbo. Nyimbo zimene ndimadziwa ine ndi za m'tchalitchi zokha. Nditangotsekula pakamwa kuti ndiyambe ina, kutali kunagunda bingu. Ndinatseka pakamwa msanga. Kuimba nyimbo ya Mulungu nditadzola ufa, pansi pa mtengo wautali, mvula ikubwera? Ndinati ayi, mphezi siphonya kawiri. Ndiye ndinayamba kutchula zimene zinabwera m'mutu, masiteshoni a basi ya ku Lusaka, ndi mawu okhuthala, ndikuzungulira mphika.

"Chipaaata! Mtenguleni! Kateeete! Sinda, Sinda, Sinda! Petauke!"

A Pita anatsinzina, anayamba kugwedezeka uku ndi uku. A Anika anagwira pakamwa, mapewa akunjenjemera, ine n'kumati mzimu wawagwira. Nditafika ku Lusaka ndinasowa kopita, ndinatembenuka n'kuyamba kubwerera, Chongwe, Luangwa, Nyimba, mpaka ndinafikanso kwathu.

Kenako ndinatunga makapu awiri n'kuwapatsa. A Pita anayang'ana kapu yawo, anayang'ana ine.

"Yanu ili kuti?"

"Yanga?"

"Ku Peru wotsogolera ndi amene amayamba kumwa, ndipo amamwa kawiri kuti atsekule njira. Ife timadikira mpaka iye atatiuza kuti njira yatseguka. Anatichenjeza kuti wotsogolera wosamwa mankhwala ake ndi wakuba."

Mukanakhala inu mukanatani? Envulopu ndinali nditaibisa kale m'thumba la mpunga kunyumba, wokhoma malata ndinali nditamuuza kale kuti abwere Loweruka. Ndinadziuza kuti ndi mankhwala a m'mimba omwe aja a tili ana, palibe choopsa. Ndinatunga, ndinatsinzina, ndinagugudiza. Mayo ine! Kuwawa kwake kunandifika mpaka m'makutu, misozi inatuluka yokha. Ndisanapume n'komwe, a Pita anali atanditungira kale yachiwiri, akundipatsa ndi manja awiri mwaulemu. Ndinamwanso.

Tinakhala pansi, iwo makapu ali m'manja, akudikira kuti ndinene kuti njira yatseguka. Ndipo ndinali pafupi kunena, pamene foni inayamba kunjenjemera pachifuwa panga pomwe ndinaibisa. Ndinasuzumira. Amalume. Munthu woti chaka chonse saimba foni chifukwa amaumira mayunitsi. Ndinakweza dzanja ngati ndikulankhula ndi mizimu, ndinapita kuseri kwa mkuyu.

"Esinati! Unalowa m'kanyumba kanga Lachiwiri?"

"Ine, amalume? Ayi... pang'ono."

"Unatapa thumba lapakati?"

"Pang'ono pokha."

"Iwe mwana! Usayerekeze kupatsa munthu zimenezo, wamva? Aja si a anthu! Aja ndi a..."

Foni inazima. Batire. Ndinaidina, ndinaigwedeza, ndinaipukuta pansalu, ndinaipempha. Zii.

Anzanga, mantha amene ndinali nawo kale lonse anali masewera. Si a anthu? Ndiye ndi a chiyani? M'kanyumba kamene kaja amalume amasungamonso zophera nkhupakupa, zophera anankafumbwe, zophera makoswe. Ndinakumbukira galu wawo wina amene ananyambita mphika wina tili ana, anazungulira bwalo katatu n'kugwa, miyendo m'mwamba. Galu uja anangonyambita. Ine ndinali nditamwa makapu awiri odzaza.

Milomo inayamba kuchita dzanzi. Lilime linalemera. Thukuta lozizira linatsika kumsana, ufa wa kumaso unasanduka phala. M'mimba munalira kamodzi, kulira kwakuya ngati galimoto yamchenga ikukwera phiri. Ndinayang'ana kumsewu, kutali, wa takisi abwera folo koloko, ndipo nthawi inali isanakwane n'komwe leveni. Ndinadziona ndili gone pansi pa mkuyu, apolisi akujambula, mtembo utavala nsalu ya m'chipinda chachitatu. Abusa adzalalikira chiyani pamaliro anga? Adzati mayiyu anamwalira ndi malungo, pamene mudzi wonse waona ufa kumaso? Nanga Dalitso, mwana wopanda bambo, adzamva bwanji ku koleji kuti amake anafera kuthengo akuchita zausing'anga?

Nditasuzumira kuseri kwa mtengo ndinaona chinthu chimene chinandiumitsa magazi. A Pita anali atatopa kudikira, kapu inali ikupita kukamwa. Kufa ndekha ndi nkhani ina, koma kupha mzungu? Nkhani yake ingafike mpaka ku Lusaka, dzina la bambo anga pa wailesi, ndipo ngati ndapulumuka ndiye kundende moyo wonse. Komanso, kunena zoona, munthuyo sanandilakwire chilichonse kupatula kundikhulupirira.

Sindikudziwa mmene ndinadumphira. Ndinangozindikira ndamenya kapu ya a Pita, yagwera uko, ndalanda ya a Anika ndaiponya m'chimanga, mphika ndaugubuduza ndi phazi, moto wonse uli tsiii, utsi tolo. A Pita anakweza manja kumwamba, maso ali mbee, akunong'ona kuti, "Zamphamvu! Zamphamvu kwambiri!"

Ine ndinagwada m'matope n'kuyamba kulapa mokuwa, m'Chinyanja, chifukwa munthu akamafa Chingerezi chimathawa.

"Ambuye ndikhululukireni! Ine si sing'anga, ndine wakuba! Makungwa ndinaba kwa amalume, sindikuwadziwa n'komwe! Ndalama za anthuwa zili m'thumba la mpunga, abwezeredwe! Chipinda ndinawadulitsa kawiri mtengo wake! Madzi otentha sanawonongeke, ndimazimitsa dala kuti ndisunge magetsi! Juwisi wa m'mawa ndimathirako madzi! Malungo ndilibe, ndinanamiza amayi anzanga! Dalitso mwana wanga, mapepala a puloti ali pansi pa matiresi, asakulande abale a bambo ako!"

Ndinaulula zinthu zimene ngakhale pano sindingazibwereze. A Pita anali atagwada pambali panga akulira nawo, akuganiza kuti ndi pemphero la makolo. Ndiye kumbuyo kwanga kunamveka mawu a munthu wamkazi, odekha, m'Chinyanja chosalala cha kumudzi kwenikweni.

"Amake Dalitso, lekani kulira. Nambala ya amalume anu mukuidziwa pamtima?"

Ndinati basi, ndafika, amayi anga malemu abwera kudzandilandira. Ndinatembenuka pang'onopang'ono, diso limodzi lotsinzina. Panalibe mzimu. Anali a Anika, foni yawo ili m'manja.

"Mu... mumalankhula?"

"Ndinabadwira pa chipatala cha mishoni cha kufupi ndi Katete. Amayi anga anali namwino kumeneko, ndinachoka ndili ndi zaka khumi ndi zitatu. Ine ndi imodzi mwa nkhunda zija zinagwera mumphika. Nenani nambala msanga."

Mukudziwa kuti munthu angathe kufa kawiri tsiku limodzi? Kwa kanthawi ndinalakalaka mankhwala aja atafulumira. Ndinatchula nambala. Iwo anakwera pachulu kufuna netiweki, ndipo nthawi yomweyo m'mimba mwanga munalira kachiwiri, ulendo uno osati mochenjeza. Ndinakwinya nsalu ija n'kulowa m'chimanga cha eni ake liwiro la mtondo wadooka.

Za m'chimangamo sindifotokoza, ndinu anthu aulemu. Ndingoti mwini munda umenewo chaka chatha anakolola bwino. Ndili mmenemo ndinkamva a Anika pachulu akuti, "Inde agogo... pamkuyu, kutsidya... awiri, agogo, odzaza... ayi, ife sitinamwe." Kenako, "Chabwino, fulumirani."

Nditatuluka chokwawa ndinawagwira mwendo. "Akuti chiyani? Ndi a makoswe?"

"Sananene. Angoti tikumwetseni madzi ambiri, ndipo musagone. Akubwera ndi ngolo."

Musagone! Si mawu amene amauza munthu wolumidwa ndi njoka amenewo? Ola limene tinadikira pamenepo linali lalitali kuposa chaka cha njala. Ndinkamwa madzi a m'botolo la a Pita, kuthamangira m'chimanga, kubwerera, kumwanso, kuthamanganso. Miyendo inayamba kukokana. Maso akati atseke, ndinkadzitsina. Ndinkayang'ana zala zanga kuti ndione ngati zayamba kuda. Khwangwala anatera pamkuyu, ndinawapempha a Anika kuti amuthamangitse chifukwa ankandiyang'ana ngati akundiyeza. Mvula inayamba kuwaza. A Anika anandifunditsa juzi yawo, akundisisita kumsana, ndipo ndinawafunsa chifukwa chimene anakhalira chete masiku onse aja.

"Amuna angawa ndawaletsa zaka zisanu, samva," anatero. "Ndalama zimene tinasunga kuti tikonzere nyumba zinathera m'maulendo amenewa. Ndinati mwina akanamizidwa ine ndikumva zonse, ndidzakhala ndi umboni. Ndimaganiza kuti mutiphikira tiyi wa mandimu. Sindinadziwe kuti mufika pomwa zinthu zosazidziwa."

Kenako tinamva belu la ng'ombe. Amalume anatsika pangolo osapereka moni kwa aliyense. Anatola khungwa limodzi pamatope, analinunkhiza. Anabwera pa ine, ananditsekula chikope ndi chala, anandiuza kuti nditulutse lilime, anandigwira pamkono.

"Amalume, ndiuzeni zoona. Ndifa?"

Anapukusa mutu pang'onopang'ono. "Kufa sufa. Koma pofika madzulo udzalakalaka ukanafa."

"Ndi a chiyani?"

"Ndi otsukira ng'ombe m'mimba ikakhala ndi njoka. Kapu imodzi timasungunula m'ndowa yathunthu ya madzi, kumwetsa nkhunzi yolima. Iwe wamwa awiri osasungunula." Analoza ng'ombe yakumanzere pangolo, yowonda, nthiti zili pamtunda. "Mwini wake wa mankhwala ndi uyo. Lero ndimati ndimumwetse, ndapeza thumba lapepuka. Wamudyera, ndipo ndi yemweyo akukunyamula. Mupepese."

Ndipo ndinapepesa, anzanga. Ndinayang'ana ng'ombe m'maso n'kunena kuti pepani.

Amalume anati madzi andithera kwambiri m'thupi, tipite kukiliniki. Anandigoneka pangolo, azungu awiri akuyenda pambuyo ngati operekeza maliro, ndipo tinkaima pafupipafupi kuti nditsike. Ndinkapemphera kuti tisakumane ndi munthu. Koma njira ya kukiliniki imadutsa patchalitchi, ndipo linali Lachinayi, nthawi yoweruka amayi. Anatuluka onse ndi mabulauzi awo oyera, anaima m'mbali mwa njira. Ine ndinadziphimba kumutu ndi nsalu ija, zimene zinangoipitsa zinthu, chifukwa ena anayamba kulira poganiza kuti ndi mtembo. Mmodzi anabwera n'kuvundukula. Anali alamu anga, amake Tiyanjane, mayi woti nkhani akaimva m'mawa, masana yafika ku Lundazi.

"Amake Dalitso! Si paja kutauni akuti muli ndi malungo? Nanga ufawu?"

Ndinatsinzina n'kunamizira kukomoka.

Kukiliniki anandiika madiripi awiri. Namwino atatenga cholembera anafunsa amalume kuti wodwalayu wamwa chiyani kwenikweni. Amalume anati, "Lembani kuti dyera."

Ndinatuluka mawa lake ndikuyenda mogwira zipupa. Chinthu choyamba nditafika ku loji ndinapita pa thumba la mpunga, ndinatulutsa envulopu ija n'kuipereka kwa a Anika ndi manja awiri, pamodzi ndi theka la ndalama ya chipinda. Iwo anachotsapo ya kiliniki ndi ya ngolo n'kukapatsa amalume, zotsalazo anaika m'chikwama chawo, osati cha amuna awo. Madzi otentha anayamba kutuluka tsiku lomwelo.

A Pita akazi awo anawamasulira zonse, kuyambira nkhunda mpaka masiteshoni a basi. Ndinkayembekeza kuti apita kupolisi. Koma a Pita anakhala pakhonde tsiku lonse akusisita ndevu. Madzulo ake anabwera kukhitchini, atavala nsapato, n'kunena kuti pa miyambo yonse imene analipirapo, uwu wokha ndi umene wotsogolera ananena zoona, ngakhale anazinena mochedwa. Kenako anafunsa ngati angauze anzawo a kwawo za ine, chifukwa kwina konse munthu umalipira n'kudwala wekha, koma kuno sing'anga amakudwalira. A Anika anawakoka dzanja n'kupita nawo kukalongedza.

Kutchalitchi ndinaitanidwa ndi akulu a mpingo, ndinakhala kumbuyo miyezi itatu. Pamsika ana a sukulu ankati ndikamadutsa, wina amayamba chapansipansi kuti "Kateeete," anzake n'kuyankha "Sinda, Sinda!" Ndinapirira, ndinalakwa ndine.

Koma chimene chinandimaliza ndi ichi. Matenda aja anandichotsa thupi, mimba yonse inaphwa, madiresi a zaka khumi zapitazo anayamba kundikwana. Tsiku lina ndikusankha tomato, amake Tiyanjane omwe aja, amene anafalitsa nkhani yanga mpaka kumalire, anandikokera pambali. Anayang'ana uku ndi uku, n'kundinong'oneza.

"Alamu, musakwiye. Mankhwala aja a ng'ombe... tilipo azimayi asanu ndi mmodzi. Kapu imodzi mungatichitire zingati?"

Ndipo anzanga, ndikuulula pamaso panu, pakamwa panga panatseguka, m'mutu ndinali nditayamba kale kuchulukitsa kasanu ndi kamodzi. Ndinadziluma lilime mpaka magazi, ndinasiya tomato pomwepo n'kuthawa.

Ine ndi mitengo tinasiyana. Mlendo akandifunsa za mankhwala ndimamulozera kufamase, akafuna masomphenya ndimamupatsa pilo wachiwiri. Ndipo mukadzamva kuti amake Dalitso atelekanso mphika wa makungwa, musadzavutike n'kuitana abusa, mudzangobwera ndi chingwe n'kukandimangirira kukhola kwa amalume.